Zilembo zikasokonekera mu database mutasintha vezhoni: kakonzedwe kake pa MySQL ndi MariaDB

Dzulo webusaiti imaoneka bwinobwino. Usiku kampani yosunga webusaitiyo yakweza MySQL, pulogalamu yoyendetsa database, kuchoka pa 5.7 kupita pa 8.0, kapena wina wadina batani loika vezhoni yatsopano ya pulogalamu, ndipo kutacha pamene panali Malaŵi pali MalaÅµi, ng’ombe yasanduka ngâ€™ombe, Angónia wakhala AngÃ³nia. Nkhani zakale zonse zadzaza zinyalala zotere.

Ife olemba Chichewa vutoli limatiluma kwambiri kuposa olemba Chingerezi. Zilembo A mpaka Z ndi manambala zimasungidwa mofanana m'ndondomeko zonse zimene tikambe pano, choncho sizisokonekera. Koma ife tili ndi ŵ, amene wadzaza m'mabuku a tchalitchi ndi m'zolemba za Chitumbuka, ndiponso tili ndi kachizindikiro ka m'mawu monga m'mudzi, n'chifukwa, ng'ona, kamene Microsoft Word imakapinda yokha munthu akamalemba. Kachizindikiro kopindako kamapezeka pafupifupi m'ndime iliyonse ya Chichewa imene inakopedwa kuchokera mu Word. Anzathu a ku Tete ali ndi ç, ã ndi é pamwamba pa zonsezi.

Mtima ukhale m'malo: kawirikawiri mawu anu amakhala asanaonongeke. Chimene chimawaononga ndi kukonza mopupuluma, munthu atatola lamulo pa intaneti n'kulithamangitsa asanadziwe kuti matenda ake ndi ati.

Chimene chachitika

Kompyuta sisunga zilembo, imasunga manambala otchedwa mabaiti. Charset ndi ndondomeko yonena kuti baiti yakuti ikuimira chilembo chakuti. Mu latin1 baiti imodzi ndi chilembo chimodzi, malo alipo 256 okha, ndipo ŵ mulibemo. Mu UTF-8, ŵ amasungidwa ndi mabaiti awiri, C5 ndi B5. Mukawerenga mabaiti awiri omwewo ndi maso a latin1, C5 ndi Å pomwe B5 ndi µ, ndiye MalaÅµi uja. Kachizindikiro kopinda kali ndi mabaiti atatu, E2 80 99, amene amatuluka ngati â, € ndi ™. Chizindikiro cha yuro chimalowerera chifukwa latin1 ya MySQL kwenikweni ndi cp1252 ya Windows.

Mpaka pa vezhoni 5.7, MySQL imapanga matebulo a latin1 ngati munthu sananene china. Mapulogalamu ambiri akale a PHP ankatumiza mawu a UTF-8, koma osauza seva. Seva inkaganiza kuti ndi latin1, n'kuwasunga osawakhudza, n'kuwabweza osawakhudza. Kunali kusamvana, koma kusamvana kosapweteka munthu, ndipo mawebusaiti anayenda choncho kwa zaka. MySQL 8.0, imene inatuluka mu 2018, inasintha n'kuyamba ndi utf8mb4, dzina la MySQL la UTF-8 yathunthu. Chithandizo cha 5.7 chinatha mu October 2023, n'chifukwa chake makampani osunga mawebusaiti akhala akusamutsa makasitomala awo. Tsopano pulogalamu ikupempha mawu mu utf8mb4, seva ikuona kuti kolamu yalembedwa kuti latin1, ndiye ikumasulira baiti iliyonse payokha mokhulupirika. Zili ngati thumba la chimanga limene kunja kwake munthu analemba kuti mpunga: zam'kati zilibe vuto, cholakwika ndi cholembedwa kunjacho.

Choyamba, letsani anthu kulemba

Tsekani webusaitiyo kwa olemba, kapena auzeni onse kuti asasunge chilichonse. Mlembi akatsegula nkhani yakale, n'kukonza mawu awiri atatu ndi manja, n'kuisunga, mzere umenewo umakhala ndi zilembo zabwino ndi zoipa zosakanikirana, ndipo mizere yosakanikirana ndi imene imadya nthawi. Lembani penapake tsiku ndi ola limene kusinthako kunachitika. Mudzalifuna polekanitsa mizere yakale ndi yatsopano.

Tumizaninso uthenga lero lomwe kwa osunga seva, kupempha bakapu (kope losungidwa la database yonse) ya tsiku limene kusinthako kusanachitike. Ambiri amafufuta mabakapu akale pakapita masiku ochepa.

Chachiwiri, bakapu ndi malo oyeserera

```
mysqldump -u dzina -p --single-transaction --routines --triggers dzina_la_db > bakapu.sql
```

Fayilo imeneyi musaitsegule mu Notepad kapena Word n'kuisunganso. Ikopereni pa kompyuta ina. Kenako pangani database ina yopanda kanthu, lowetsanimo bakapuyo, ndipo zonse zimene zikubwerazi muyambe mwaziyesera kumeneko. Mukatero mwaphanso mbalame ina: mwatsimikiza kuti bakapuyo imalowadi. ALTER TABLE alibe pobwerera, ndiye bakapu yosayesedwa si yoidalira.

Ngati mukugwira ntchito kudzera pa SSH, yambani mwatsegula tmux kapena screen. Magetsi akazima kapena netiweki ikaduka ntchito ili pakati, izipitirira pa seva. Pa matebulo akuluakulu musadalire phpMyAdmin, imatopa ntchito isanathe.

Chachitatu, onani mabaiti, osati zimene maso akuona

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Zimene mukuona pa sikirini zadutsa m'manja ambiri: seva, pulogalamu, browser. Aliyense wa iwo akhoza kukhala wolakwa. HEX, lamulo la MySQL lotulutsa mabaiti, ndi yekhayo amene amaonetsa zimene zili m'kolamu osazimasulira.

Yambani ndi kudziwa zimene makolamu amadzitcha:

```
SELECT TABLE_NAME, COLUMN_NAME, COLUMN_TYPE, CHARACTER_SET_NAME, COLLATION_NAME
FROM information_schema.COLUMNS
WHERE TABLE_SCHEMA = 'dzina_la_db' AND CHARACTER_SET_NAME IS NOT NULL;
```

Musakhutire ndi charset ya database kapena ya tebulo. Kolamu iliyonse ili ndi yake, ndipo ndi yake imene imagwira ntchito. Si zachilendo kupeza tebulo lolembedwa utf8mb4 makolamu ake akale ali latin1.

Kenako sankhani mzere umodzi wakale umene mukudziwa mawu ake enieni. Tiyerekeze kuti tebulo ndi nkhani, kolamu ndi mutu, ndipo mutuwo ndi mawu amodzi okha, Malaŵi.

```
SELECT id, mutu, HEX(mutu), LENGTH(mutu), CHAR_LENGTH(mutu)
FROM nkhani WHERE id = 125;
```

LENGTH amawerenga mabaiti, CHAR_LENGTH amawerenga zilembo. Zimene zituluke zikuuzani matenda.

Ngati HEX ndi 4D616C61C5B569, kolamu ili utf8mb4, mabaiti 7 ndi zilembo 6, database ilibe vuto. Musaikhudze. Vuto lili pa kulumikizana kwa pulogalamu ndi seva, kapena pa tsamba lenilenilo. Dumphani mpaka pa gawo la kulumikizana.

Ngati HEX ndi yomweyo, 4D616C61C5B569, koma kolamu ili latin1, ndipo mabaiti ndi 7 zilembonso 7, ndilo thumba lolembedwa molakwika lija. Ndikuwatcha matenda oyamba.

Ngati kolamu ili utf8mb4 kapena utf8 (UTF-8 yakale ya MySQL), koma HEX ndi 4D616C61C385C2B569, mabaiti 9 ndi zilembo 7, mawuwo anamasuliridwa kawiri. Å ndi µ analowa m'kolamu ngati zilembo zenizeni. Awa ndi matenda achiwiri, ndipo amabwera pamene pulogalamu yosamutsa, kapena munthu wachifundo, yasintha kale makolamu a matenda oyamba aja mosayang'ana. Kachizindikiro kopinda kakamasuliridwa kawiri kamaoneka ngati C3A2E282ACE284A2.

Ngati kolamu ili latin1 ndipo é wasungidwa ngati baiti imodzi E9, kachizindikiro kopinda ngati 92, ndiye kuti mawuwo ndi latin1 yeniyeni. Palibe bodza, kungofunika kusamutsa.

Ngati pamalo a ŵ pali 3F, chimenecho ndi chizindikiro cha funso chenicheni, ndipo EFBFBD ndi kadayamondi kakuda kaja kokhala ndi funso pakati. Chilembo chimene chinali pamenepo chinatayika.

Musaweruze tebulo lonse ndi mzere umodzi. Tengani wakale kwambiri, wapakati, ndi wolembedwa pambuyo pa kusinthako. Database imene yakhala zaka zambiri ikusamuka pa seva ndi seva imatha kukhala ndi matenda awiri m'tebulo limodzi.

Matenda oyamba: kolamu ya latin1 yokhala ndi UTF-8 m'kati

Lamulo limene aliyense amaliona koyamba pa intaneti ndi ili: ALTER TABLE nkhani CONVERT TO CHARACTER SET utf8mb4. Pa matenda awa musalithamangitse. Limakhulupirira kuti m'kolamu muli latin1, ndiye limatenga Å ndi µ n'kuwasunga bwinobwino mu UTF-8, ndipo mwadzipatsa nokha matenda achiwiri.

Ngati webusaiti ikufunika kuoneka bwino pompano, bwezerani kulumikizana ku latin1. Pa WordPress ndi mzere wa DB_CHARSET mu wp-config.php. Mawu akale abwerera nthawi yomweyo. Koma kumeneku n'kumanga bala, osati kuchiza, chifukwa kusaka ndi kuika mawu m'ndondomeko ya afabeti kumakhalabe kolakwika.

Kuchiza kwenikweni ndi kuvula kolamu dzina lake, kuisandutsa mabaiti wamba, kenako n'kuiveka dzina loyenera. Seva simasulira kanthu podutsa njira imeneyi. Koma musanatero, fufuzani mizere imene si UTF-8 yolongosoka, makamaka yolembedwa kusinthako kutachitika, chifukwa imeneyo ikhoza kuimitsa lamulo kapena kudulidwa:

```
SELECT id FROM nkhani
WHERE NOT (HEX(mutu) <=> HEX(CONVERT(CAST(mutu AS BINARY) USING utf8mb4)));
```

Mizere imene ituluke iyang'aneni umodziumodzi. Umene uli latin1 yeniyeni kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ufananitseni ndi inzake:

```
UPDATE nkhani
SET mutu = CONVERT(CAST(CONVERT(mutu USING utf8mb4) AS BINARY) USING latin1)
WHERE id IN (901, 902, 907);
```

Wosakanikirana ukopereni pambali, muufufute kaye m'kolamu, mudzaulembenso ndi manja pomaliza. SELECT wofufuza uja akasiya kutulutsa mizere, pitirizani:

```
ALTER TABLE nkhani MODIFY mutu VARBINARY(255) NOT NULL;
ALTER TABLE nkhani MODIFY mutu VARCHAR(255)
  CHARACTER SET utf8mb4 COLLATE utf8mb4_unicode_ci NOT NULL;
```

VARCHAR amadutsa pa VARBINARY, TEXT pa BLOB, MEDIUMTEXT pa MEDIUMBLOB, LONGTEXT pa LONGBLOB. CHAR naye mumudutsitse pa VARBINARY, osati pa BINARY, chifukwa BINARY amadzaza malo otsala ndi mabaiti a 00 amene amakakamira kumapeto kwa mawu. MODIFY amaiwala chilichonse chimene simunachibwereze, ndiye tsegulani SHOW CREATE TABLE nkhani pambali, mukopere NOT NULL, DEFAULT ndi COMMENT monga zinalili. Index ya FULLTEXT iyenera kuchotsedwa kaye n'kubwezeretsedwa pambuyo, chimodzimodzi foreign key imene ili pa kolamu ya mawu.

Makolamu akakhala ambirimbiri, ndipo mwatsimikiza kuti database yonse ili ndi matenda amodzi omwewa, njira yachidule ndi kutulutsa mabaiti osamasulira n'kuwalowetsa m'nyumba yatsopano:

```
mysqldump -u dzina -p --default-character-set=latin1 --skip-set-charset dzina_la_db > yakale.sql
sed -e 's/CHARSET=latin1/CHARSET=utf8mb4/g' yakale.sql > yatsopano.sql
mysql -u dzina -p --default-character-set=utf8mb4 db_yatsopano < yatsopano.sql
```

Musanalowetse, sakani mawu akuti latin1 amene atsala mu yatsopano.sql, monga latin1_swedish_ci kapena CHARACTER SET latin1 pa makolamu, muwasinthenso. Ine njirayi ndimaikonda chifukwa database yakale imatsala ili chilili. Zikavuta mumangolozeranso pulogalamu kumeneko. Kuipa kwake n'kwakuti tebulo limene linali kale utf8mb4 yolongosoka limaonongeka potuluka, ŵ wake n'kusanduka funso. Matebulo otere atulutseni paokha mwa njira ya masiku onse.

Matenda achiwiri: mawu omasuliridwa kawiri

Apa kolamu ili ndi dzina loyenera, zam'kati ndiye zolakwika, choncho tikonza mzere ndi mzere. Tibweza mawuwo ku latin1 kuti mabaiti oyamba aja abwerere, tiwavule dzina, kenako tiwawerenge ngati utf8mb4. Ngati kolamu ikadali utf8 yakale, iyambe yasamutsidwa ndi CONVERT TO CHARACTER SET utf8mb4. Kuchoka pa utf8 kupita pa utf8mb4 lamuloli silipweteka kanthu.

Onani kaye zotsatira musanasinthe kalikonse:

```
SELECT id, mutu,
  CONVERT(CAST(CONVERT(mutu USING latin1) AS BINARY) USING utf8mb4) AS wokonzedwa
FROM nkhani
WHERE HEX(mutu) LIKE '%C385C2B%'
   OR HEX(mutu) LIKE '%C3A2E282AC%'
   OR HEX(mutu) LIKE '%C383C2%'
LIMIT 50;
```

Mzere woyamba wa WHERE ukusaka ŵ ndi Ŵ osokonekera, wachiwiri ukusaka zizindikiro zopinda za Word, wachitatu zilembo za Chipwitikizi. Mwina mukudabwa kuti bwanji osangolemba LIKE '%Å%'. Chifukwa chake ndi collation, malamulo amene seva imatsata pofanizira zilembo: utf8mb4_unicode_ci ndi utf8mb4_0900_ai_ci amaona Å ngati a wamba, ndiye funsolo lingakubweretsereni pafupifupi tebulo lonse. Komanso Ã payekha si umboni. Dzina la JOÃO lolembedwa ndi zilembo zazikulu lili bwinobwino.

Choopsa pa njirayi ndi mzere umene uli kale wabwino. Mukaudutsitsa pa latin1, ŵ wake alibe malo, amasanduka funso, ndipo sabwereranso. N'chifukwa chake UPDATE wopanda WHERE ndi mdani. Ikani alonda awiri: woyamba atsimikize kuti palibe chilembo chotayika popita ku latin1, wachiwiri atsimikize kuti zotulukazo ndi UTF-8 yolongosoka.

```
START TRANSACTION;
UPDATE nkhani
SET mutu = CONVERT(CAST(CONVERT(mutu USING latin1) AS BINARY) USING utf8mb4)
WHERE (HEX(mutu) LIKE '%C385C2B%' OR HEX(mutu) LIKE '%C3A2E282AC%' OR HEX(mutu) LIKE '%C383C2%')
  AND HEX(mutu) = HEX(CONVERT(CONVERT(mutu USING latin1) USING utf8mb4))
  AND HEX(CONVERT(mutu USING latin1))
    = HEX(CONVERT(CAST(CONVERT(mutu USING latin1) AS BINARY) USING utf8mb4));
```

Werengani mizere ingapo, thamangitsani SHOW WARNINGS, ndipo mukakhutira lembani COMMIT. Mukakayikira lembani ROLLBACK. Kubwereraku kumatheka pa matebulo a InnoDB okha. A MyISAM amasunga pomwepo, ndipo mawebusaiti akale ambiri akadali ndi MyISAM, ndiye onani kaye ENGINE mu SHOW CREATE TABLE, pamene pamalembedwa mtundu wa tebulo.

Mukaona Ã…Âµ pamalo a ŵ, mawuwo anamasuliridwa katatu. Mankhwala ndi omwewo, kungowapereka kawiri, n'kumayang'ana HEX pakati pake, koma paulendo woyamba muwonjezere HEX(mutu) LIKE '%C383E280A6%' m'mabulaketi a WHERE kuti mizere yotereyi ipezeke.

Imene itsale, alonda aja ataikana, ndi mizere yosakanikirana. Imeneyo imafuna REPLACE, amene mwamwayi amasiyanitsa zilembo ndendende:

```
UPDATE nkhani SET mutu = REPLACE(mutu, 'Åµ', 'ŵ');
UPDATE nkhani SET mutu = REPLACE(mutu, 'Å´', 'Ŵ');
UPDATE nkhani SET mutu = REPLACE(mutu, 'â€™', '’');
UPDATE nkhani SET mutu = REPLACE(mutu, 'â€œ', '“');
```

Lowani ndi --default-character-set=utf8mb4 musanalembe zimenezi, apo ayi zilembo zanu zisokonekera zisanafike n'komwe pa seva. Chizindikiro chotsekera mawu ogwidwa n'chochenjera: baiti yake yomaliza ndi 9D, imene sioneka, ndiye pa sikirini mumangoona â€ basi. Mukasintha â€ yekhayo mudula mitu ya zizindikiro zina zonse zoyamba chimodzimodzi. Chigwireni ndi mabaiti ake:

```
UPDATE nkhani SET mutu =
  REPLACE(mutu, CONVERT(UNHEX('C3A2E282ACC29D') USING utf8mb4), '”');
```

Chilembo Â chimene chimaima chokhachokha pakati pa mawu ndi mutu wa mpata wosaduka, C2 A0. Chimachoka chokha pa mizere imene yadutsa pa UPDATE wamkulu uja.

Latin1 yeniyeni

Apa pokha ndi pamene lamulo lotchuka lija lili pa malo ake:

```
ALTER TABLE nkhani CONVERT TO CHARACTER SET utf8mb4 COLLATE utf8mb4_unicode_ci;
```

Musadabwe TEXT akakula n'kukhala MEDIUMTEXT. Seva ikungopereka malo okwanira.

Zimene zinatayika

Pamene HEX akuonetsa 3F kapena EFBFBD palibe lamulo lobweza chilembo. Chimodzimodzi nkhani imene yadukira pakati: utf8 yakale ya MySQL, imene tsopano imatchedwa utf8mb3, imalandira mabaiti atatu okha pa chilembo, pomwe emoji imafuna anayi, ndiye seva yosakhwimitsa malamulo inkadula mawu onse kuyambira pa emojiyo. Seva yokhwimitsa imakana ndi uthenga 1366, Incorrect string value, ndipo kukanako n'kwabwino kuposa kudula mwakachetechete.

Mankhwala ndi bakapu yakale. Ilowetseni mu database ina, ikonzeni kumeneko, kenako mukopere makolamu oonongeka okhawo potsata id. Ngati bakapu palibe, masamba akale mwina mungawapeze pa Wayback Machine ya Internet Archive. Chotsala ndi kusintha mawu athunthu amene simungawaphonye, Mala?i kukhala Malaŵi, osati chizindikiro cha funso pachokha, poti mungafufute mafunso enieni onse a m'nkhani zanu.

Kulumikizana

Mukakonza makolamu koma pulogalamu n'kumalankhulabe latin1, mawa lomwe vuto liyambiranso. Uzani seva momveka. Pa mysqli:

```
$conn->set_charset('utf8mb4');
```

Pa PDO, ikani charset=utf8mb4 m'mzere wolumikizira. Pa WordPress, DB_CHARSET akhale utf8mb4, DB_COLLATE mumusiye wopanda kanthu. WordPress inayamba kugwiritsa ntchito utf8mb4 pa vezhoni 4.2, mu 2015. Kuti mutsimikize, thamangitsani SHOW VARIABLES LIKE 'character_set%' kuchokera m'kati mwa pulogalamu yeniyeniyo, osati mu phpMyAdmin, imene ili ndi kulumikizana kwakekwake. character_set_client, character_set_connection ndi character_set_results onse atatu anene utf8mb4.

Tsamba nalo linene UTF-8. Pali malo awiri: mzere wa meta charset m'tsambamo, ndi Content-Type amene seva ya webusaiti imatumiza. Akasemphana, browser imamvera Content-Type. Kadayamondi kakuda pa tsamba, HEX ali bwinobwino, kamatanthauza kuti tsamba likunena UTF-8 koma mabaiti akubwera ali latin1, ndiye bwererani pa set_charset.

Pomaliza sinthani zoyambira, kuti zimene zidzapangidwe mtsogolo zibadwe zili bwino:

```
ALTER DATABASE dzina_la_db CHARACTER SET utf8mb4 COLLATE utf8mb4_unicode_ci;
ALTER TABLE nkhani DEFAULT CHARACTER SET utf8mb4 COLLATE utf8mb4_unicode_ci;
```

Malamulo awiriwa sakhudza kolamu iliyonse imene ilipo kale. Anthu ambiri amathamangitsa awa okha n'kumadabwa kuti palibe chasintha.

Minga imene mukumane nayo panjira

Uthenga 1071, wonena kuti key yatalika kupitirira mabaiti 767, umabwera pa matebulo akale a InnoDB. VARCHAR(255) mu utf8mb4 imawerengedwa mabaiti 1020. Mukhoza kufupikitsa index kufika pa zilembo 191, zimene ndi mabaiti 764, koma njira yabwino ndi ALTER TABLE nkhani ROW_FORMAT=DYNAMIC, imene pa MySQL 5.7 ndi 8.0 imakweza malirewo kufika pa 3072.

Uthenga 1062, Duplicate entry, umatigwira ife makamaka. Pamene kolamu inali latin1, Malawi ndi Malaŵi anali mawu awiri osiyana. Mu collation imene sisamala tizizindikiro ta pamwamba pa zilembo, w ndi ŵ ndi chilembo chimodzi, ndiye index ya UNIQUE ikana. Pa kusaka, zimenezi n'zabwino: wowerenga amene foni yake ilibe ŵ apezabe nkhani. Koma pa dikishonale, kapena pa mndandanda umene mawu awiriwo ayenera kukhala osiyana, kolamu imeneyo ipatseni utf8mb4_bin, kapena utf8mb4_0900_as_cs ngati muli pa MySQL 8.0. Sankhani mwadala, kolamu ndi kolamu.

Posankha collation ya ena onse, ganizirani kumene database idzasamukire. Mavezhoni ambiri a MariaDB, m'bale wake wa MySQL, amene akugwirabe ntchito sadziwa utf8mb4_0900_ai_ci, ndipo bakapu yochokera ku MySQL 8.0 amaikana ndi uthenga wa Unknown collation. N'chifukwa chake m'zitsanzo zonsezi ndalemba utf8mb4_unicode_ci, imene imadziwika mbali zonse. Makolamu amene mumawalumikiza ndi JOIN akhale ndi collation imodzi, kupanda kutero mulandira Illegal mix of collations.

Pa WordPress ndi mapulogalamu ena a PHP pali msampha wina. Makonzedwe a theme ndi a widget amasungidwa mu wp_options ndi wp_postmeta pamodzi ndi nambala ya mabaiti awo, motere: s:7:"Malaŵi". Mawuwo akamasuliridwa kawiri amakhala mabaiti 9, nambala ikunenabe 7, PHP imalephera kuwerenga, ndipo menyu kapena widget imangosowa ngati yafufutidwa. Sinafufutidwe, mukakonza mabaiti imabwerera, bola pasakhale amene wasunganso makonzedwewo pakatipa. Koma ngati anasungidwanso kusinthako kutachitika, nambala inakhala 9, ndipo REPLACE wa SQL ndi amene angawathyole. Pa amenewo gwiritsani ntchito WP-CLI, chida choyendetsera WordPress polemba malamulo, imene imawerengeranso nambalayo:

```
wp search-replace 'Åµ' 'ŵ' --all-tables --dry-run
```

Mukakhutira ndi zimene yanena, chotsani --dry-run.

Kusamutsira pa database yeniyeni

Malamulo onse amene agwira ntchito pa database yoyeserera muwasunge mu fayilo imodzi, motsatana monga munawathamangitsira. Tengani bakapu ina yatsopano, thamangitsani fayiloyo pa database yeniyeni, kenako bwerezani funso la HEX lija pa makolamu onse a mawu. Osaiwala ndemanga za owerenga, mayina a olemba, magulu a nkhani ndi mawu ofotokoza zithunzi; amenewa ndi amene amaiwalika. Yerekezaninso COUNT(*) wa tebulo lililonse ndi wa mu bakapu.

Fufutani cache yonse (makope a masamba osungidwa kuti azitseguka msanga), ya pulogalamu, ya Redis kapena Memcached ngati ilipo, ndi ya Cloudflare ngati mumadutsa kumeneko, apo ayi muziona zinyalala zakale n'kuyamba kukonza chinthu chokonzeka kale. Kenako lembani nkhani yoyeserera yokhala ndi Malaŵi, ng’ombe, Moçambique ndi emoji imodzi. Isungeni, itseguleninso, isungeninso kachiwiri, ndipo muone HEX wake. Kusunga kachiwiriko n'kofunika, chifukwa kulumikizana kolakwika kumaonekera pamene mawu apita n'kubwera. C5B5 akakhalapo, emoji n'kuyamba ndi F09F, tsegulirani olemba.

Khomo lina limene zinyalalazi zimaloweranso ndi mafayilo a CSV. Excel ikasunga CSV wamba pa Windows siisunga mu UTF-8, ndipo ŵ amatayika fayilo isanafike n'komwe kwa inu. Uzani amene amakutumizirani mindandanda kuti posunga azisankha CSV UTF-8. Fayilo yotero imayamba ndi mabaiti atatu osaoneka, EF BB BF, ndipo mukaona ï»¿ kumayambiriro kwa dzina la kolamu yoyamba, ndi amenewo, achotseni musanalowetse, ndipo mu LOAD DATA mulembe CHARACTER SET utf8mb4.